Tebulo Lomaliza, Apongozi Kumanzere

Tumpale mwana wanga,

Zimene azakhali ako ananena dzulo pa chakudya chokutsazika si zoona, ndipo sindikufuna ukwere nazo basi mawa. Anati amayi ako anatchova juga ndi azungu kumgodi wa Kayelekera mpaka kutha malipiro, pamaso pa apongozi awo, opanda ndi manyazi omwe, ndiye iwe usakatengere. Anthu anaseka, iwe unayang'ana m'mbale. Ine ndinakhala chete chifukwa panali abusa. Malipiro anga sanakhudzidwe: polowa mpikisano uja aliyense ankabweretsa kireti ya zoziziritsa kukhosi, basi. Za manyazi, ndinali nawo ochuluka kuposa onse amene anali m'chipinda muja, ndipo ndi manyaziwo amene anandigonjetsa. Azakhali akowo kunalibe. Nkhaniyi anaimva kwa mkazi wa dalaivala wina, amene naye anaimva kwa munthu amene anali kukhitchini. Ine ndinalipo, ndiye tamvera.

Ndikulemba masana ano iwe uli kumsika kosaka ndowa ndi loko. Pakamwa sindingathe, umandidziwa. Ndikayamba kulangiza ndimathera kukalipa, iwe n'kumagwedeza mutu makutu utatseka kale.

Masewerawo amatchedwa poka. Ndinawaphunzira ndikusunga sitolo ya zakudya kumsasa wa mgodi, iwe uli wamng'ono, ukukhala ndi bambo ako kuno ku boma. Loweruka masana azungu, anyamata a ku Joni, madalaivala a ku Tanzania ndi anthu akuno ochepa ankasewera m'chipinda chodyera. Ndinayamba ndi kuonerera. Chimene chinandikoka si makadiwo ayi. Ndinaona masamu anga aja ndinawasiya ku yunivesite ku Zomba atakhala pa tebulo, atavala kabudula, akumwa tiyi. Aliyense amapatsidwa makadi awiri obisa ndi mulu wa tindalama ta pulasitiki, ife tinkati mabatani. Mabatani akatha, watuluka. Ukaona makadi ako ukhoza kuwataya, kapena kuikapo mabatani angapo, kapena kukankhira mulu wako wonse pakati kuti wofuna kulimbana nawe abwere. Koma pali lamulo limodzi limene ndikufuna uligwire, chifukwa kalata yonseyi yatsamira pamenepo. Makadi akamagawidwa, anthu awiri oyandikana amayamba alipira mabatani asanaone chimene apatsidwa. Tinkati msonkho. Msonkhowo umazungulira tebulo, ndipo umakwera nthawi ikamapita. Ndiye kuti kukhala duu si kwaulere. Ukhoza kukhalapo mwaulemu, osalakwira munthu, kumangotaya makadi, n'kutheratu osalimbanapo ndi aliyense.

Mgodi utatsala pang'ono kutsekedwa, amene ankabwerera kwawo anasonkha katundu wosanyamulika n'kukonza mpikisano wotsazikana. Woyamba atenge njinga yamoto, wachiwiri furiji, wachitatu wailesi yakanema. Wachinayi amuwombere m'manja. Ine ndinkafuna njinga. M'maganizo ndinali nditaiona kale ikutsika kumalire a Songwe itasenza zitenje ndi mafuta ophikira, bizinesi yangayanga, osapempha munthu.

Tsopano za apongozi. Iwe unabadwiramo, ndiye mwambowu suuona, koma ine wa ku Dedza unanditengera zaka. Kwathu apongozi timawaopa, inde, koma kuno ndi nkhani ina. Mkamwana saonana maso ndi bambo a mwamuna wake ngakhale abale awo aamuna, sawayankhula, sakhala nawo pamodzi, sawatchula dzina. Ukawaona akubwera panjira umapatukira m'chinangwa mwa eni, n'kuima mpaka adutse. Agogo ako aang'ono aja, bambo obereka azakhali akowa, anali mkulu wa alonda kumsasa. Taona, anamwalira kalekale, koma dzanja langa likukana kulemba dzina lawo. Ndimadzidabwa. Makadi anawaphunzira ali mnyamata kumigodi ya ku Zambia, ndipo ankasewera mofatsa ngati akusankha mpunga. Zaka zonse zija tinkazembana mwaluso. Akafuna shuga wa alonda ankatuma munthu. Loweruka iwo ankakhala tebulo la kuzenera, ine la kukhomo, misana itayang'anana.

Chimene sindinachiganizire, ine wodziwa masamu, n'chakuti pa mpikisano anthu akamatuluka matebulo amaphatikizidwa. Tinayamba ambiri. Dzuwa likupendeka tinatsala asanu ndi atatu, tebulo limodzi, lomaliza. Malo okhala tinachita kutola makadi. Ine ndinatola wanga, iwo anatola wawo, ndipo mpando wawo unali woyandikana ndi wanga, kumanzere. Anthu akuno onse anakhala chete. Mzungu wogawa makadi anafunsa ngati wina wamwalira.

Apa pali langizo loyamba, ndipo ulimve bwino. Ndinali ndi njira ziwiri zoyera. Ndikanatha kuimirira, kusiya mabatani, kutuluka, anthu n'kunena kuti mkamwana wa ku Dedza uja analeredwa. Kapena ndikanatha kukhala n'kusewera ngati munthu. Ine ndinapeza njira yachitatu. Ndinakhala pansi, n'kukokera duku patsaya lakumanzere, n'kupotolera nkhope kukhoma. Kunyada kunandiletsa kuchoka, ulemu unandiletsa kusewera. Mwambo ndinauswa ndithu pokhala pamenepo, ndipo njinga sindinaipeze. Ndinalipira kawiri. Tumpale, ukafika poti usankhe, usamafune njira yachitatu. Nthawi zambiri imakhala yodula kuposa ziwiri zija.

Pa tebulopo panali Juma, dalaivala wa ku Mbeya, mulu wake ngati chulu. Atandiona nditatembenuka anati, “Mlongo wanga, khomalo lakulakwira chiyani? Kapena makadi ako alembedwa pamenepo?” Anzake anamugwira mkono n'kumunong'oneza. Anangoti pole, pepani wa kwawo, koma kuseka sanasiye.

Ine ndinafika pa tebulo lomalizali ndi mulu waung'ono, wokwana kulipira msonkho maulendo asanu kapena asanu ndi umodzi. Munthu wa mulu wotere alibe masewera ambiri. Zoika pang'ono kuti uone mmene zikhalire si zako, n'za olemera. Iwe watsala ndi mawu awiri, kutaya kapena kukankha zonse. Ndipo chinthu chimene chimandisangalatsa mpaka lero n'chakuti mphamvu ya kukankha sili kwenikweni m'makadi ako. Ili m'mantha a mnzako. Mulu wako ukadali woti wina akaluza umuwawa, amayang'ana makadi ake kawiri, nthawi zambiri n'kuwataya, iwe n'kutola msonkho wonse osaonetsa chimene unali nacho. Koma ukadikira mpaka mulu utasanduka kamulu, palibe akuopa. Amakuyankha uku akutafuna. Makadi omwewo, munthu yemweyo, koma mawu ako apepuka. Nthawi yabwino yokankha ndi pamene onse akutsogolo ataya, kumbuyo kwako kwatsala munthu mmodzi kapena awiri. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma makadi amayenda chakumanzere, ndiye munthu wotsala kumbuyo kwanga nthawi zonse anali ndani? Kukankha kunali kuloza apongozi anga chala n'kuwauza kuti ngati ndinu mwamuna bwerani. Ndinataya. Mpata unabweranso, ndinataya. Msonkho unandiluma, n'kudzandilumanso.

Sikanali koyamba. Ndili chaka chachitatu ku yunivesite, aphunzitsi akundidziwa dzina, akazi a amalume anga anadwala, amalume n'kutumiza uthenga kuti ndibwere ndidzathandize kwa kanthawi. Amalume ndi amene anandilera, sukanawakana. Ndinapita, ndipo sindidandaula kuti ndinapita. Chimene chimandiwawa n'chakuti sabata yoyamba ija, ndikadali mlendo wochokera kusukulu, akundipatsa mpando, sindinanene kuti ndabwera koma mwezi ukatha ndibwerera. Mawu amenewo tsiku limenelo akanalemera. Ndinati ndidikire odwala apeze bwino. Atapeza bwino ndinati ndidikire tikolole. Titakolola ndinati ndidikire tsiku limene amalume adzuke okondwa. Pamene ndinadzatsegula pakamwa ndinali nditasanduka wa pakhomo, wodziwa kumene kuli sefa ndi nthawi yomwetsa mbuzi. Amalume anaseka, osati mwankhanza, anangoseka, n'kunena kuti tidzaona chaka chamawa. Palibe anandichotsa sukulu, Tumpale. Anthu amakonda kunena kuti ndinalephera mayeso kapena ndinatenga mimba. Zikanakhala choncho bwenzi ndili ndi woloza chala. Ndinangotha pang'onopang'ono. Anzanga amene ndinkawathandiza masamu lero ndimawamva pa wailesi akufotokoza za chuma cha dziko, ena mwa iwo molakwitsa.

Usaganize kuti ndikuti uzingokankha paliponse. Mbali inayo ndinailawanso. Mgodi utatsekedwa ndinapeza ntchito kwa munthu wina wowolotsa katundu ku Songwe. Tsiku lina anandidzudzula pamaso pa makasitomala chifukwa cha chinthu chimene analakwitsa yekha. Ndinamuuza zonse, za sukulu yake, za Chingerezi chake, za mimba yake. Zinali zoona zokhazokha, ndipo ndinabwera kunyumba wopanda ntchito, iwe ukufuna yunifolomu. Kumeneko sikunali kukankha, kunali kupsa mtima. Pa tebulo wopsa mtima amadziwika, onse amamudikirira. Ukafuna kukankha uyambe wadzifunsa: kodi munthuyu angathe kubwerera m'mbuyo? Kodi ndamusiyira njira yoti ataye makadi ake osachita manyazi? Bwana uja pamaso pa makasitomala ake sakanabwerera. Pakamwa panga ndakupatsira, ndikudziwa, ngakhale iwe umapabisa. Uzipatsegula utaganiza, ndipo pasakhale gulu.

Tibwerere ku Kayelekera. Anthu anatuluka mmodzimmodzi mpaka tinatsala anayi: Juma, mzungu wina woyeza miyala, agogo ako, ndi ine. Mphatso zitatu, anthu anayi. Agogo ako nawo mulu wawo sunali waukulu, unkangoposa wanga pang'ono. Makadi anagawidwa, msonkho uli pa ine ndi iwo. Juma anataya. Mzungu anataya. Ndinasuzumira makadi anga: eyisi ndi kwini. Pa anthu awiri otsala, amenewo ndi makadi oti ngakhale wophunzira dzulo amakankha osaganiza. Ndinaika manja kumbuyo kwa mabatani. Ndikukumbuka kuti ndinkamva kupuma kwawo ndi fungo la sopo wa yunifolomu yawo, munthu amene zaka zonsezo ndinali ndisanamuyandikirepo chotero. Ndinaganiza kuti akayankha n'kuluza, atsala ndi timabatani tosapita nato patali, ndipo mudzi wonse udzamva kuti anatulutsidwa ndi mkamwana. Ndinaganiza za bambo ako. Kenako ndinachotsa manja n'kukankhira makadi kwa wogawa, chafufumimba.

Pambuyo pake panalibenso nkhani. Msonkho unakwera, unandipeza ndi timabatani tosakwana n'komwe, ndipo ndinalowa mokakamizidwa ndi makadi achabechabe. Juma anayankha asanamalize kumeza chipisi. Ndinatuluka wachinayi, anandiwombera m'manja monga analonjezera. Juma anapita ndi njinga ku Mbeya. Agogo ako anatenga furiji. Furiji imeneyo anaipereka kwa mwana wawo, ndipo ndi yomwe ili m'golosale ya azakhali ako ku Mzuzu. Ukakaiona uipatse moni.

Ndafika pa chimene ndakulembera. Malo ogona kusukulu sunapeze, ndiye ukakhala kwa azakhali ako. Ndi chifundo, ndipo ndathokoza, ndagha yanga, zikomo wa kunoyo, anaimva. Koma dzulo lomwelo, atatha kundinyoza, unawamva akuuza abusa kuti Mulungu wawayankha, mtsikana wa m'golosale anathawa ndipo tsopano apeza mwana wa m'nyumba wodziwa kuwerengera. Iwe unamwetulira. Ndinakuona. Kumwetulira kumeneko ndimakudziwa, ndinakuvala ku Dedza.

Ukupita ndi mulu waung'ono, mwana wanga. Ulibe ndalama, ulibe kwina kogona, ndipo kumanzere kwako kwakhala munthu amene mwambo sukulola kumuyankha. Koma mawa ndi mkuja ukadali mlendo, mwana woyamba wa mbumba yonse ya bambo ako kulowa yunivesite, amene abusa anamupempherera pagulu. Mawu ako akadali olemera. Unene sabata yoyamba, usanagwire kiyi wa golosale ngakhale kamodzi. Usanene pali anthu. Udikire muli awiri, ugwade ngati mmene anakuphunzitsira, uyambe ndi kuthokoza. Kenako uwauze kuti Loweruka masana ndi Lamlungu mukaweruka kutchalitchi golosale ndi yako, uzichapa ndi kuphika madzulo, koma masiku a maphunziro sudzapezeka, ngakhale kwa ola limodzi, ngakhale akungothamangira kubanki. Ukatero wawasiyira njira. Akhoza kuuza anzawo kuti ndi iwo anakonza zimenezo chifukwa amalemekeza sukulu. Asiye anene. Chako n'chakuti Lolemba m'mawa uli m'kalasi.

Ukanena kuti ndidikire ndizolowere kaye, ndidikire ndione mtima wawo, udziwe kuti msonkho wayamba kuzungulira. Lero ola limodzi, mawa theka la tsiku chifukwa apita kumaliro, kenako sabata yonse chifukwa akukaoda katundu ku Kyela. Ikadzafika miyezi itatu, “ayi” wako adzakhala kamulu kaja, adzakuyankha akutafuna. Ndikubwereza chifukwa ndikukudziwa: sabata yoyamba. Akhoza kukwiya. Akhoza kuimbira bambo ako kuti mwana watengera amake. Akakuthamangitsa, tidzasaka kachipinda, ndigulitsa makina osokera, ndipo udzakhala utaluza ukusewera. Zimenezo ndikhoza kuzipirira. Chimene sindingapirire n'kudzakupeza patapita zaka ukudziwa mtengo wa sopo aliyense m'golosale muja, ukundiuza kuti tidzaona chaka chamawa.

Pali zinthu zimene ndikufuna ukandifufuzire, poti ukupita kumene kuli mabuku. Ndinamva kuti kuli masamu ake enieni a zimenezi, owerengera pamene munthu wa mulu waung'ono ayenera kukankha mphatso zikakhala zosiyana, chifukwa batani limene ukuluza limawawa kuposa mmene limene ukupeza limakomera. Ndinayesa kuwapeza ndekha kuseri kwa makatoni, ndinafika pena n'kusokonezeka. Ukafunse. Usaope kuti mphunzitsi adzati mtsikana wa ku Karonga wazidziwira kuti za juga, umuuze kuti kwa amayi anga. Ukandiuzenso ngati atsikana a masiku ano amayang'ana aphunzitsi m'maso akamafunsa, ndiponso ngati ukakhala kutali mwambo uja umakutsatira kapena umatsala pa Chiweta basi ikamakwera phiri. Ine wanditsatira mpaka m'kalata muno, ndipo sindikudziwa ngati ndimadana nawo. Masiku ena ndimaona kuti munali kukoma kwake, anthu awiri kusungirana ulemu zaka zonse osalankhulana liwu limodzi. Ndipo chimene ndimadzifunsa kwambiri, ndikamasoka, ndikamatsuka mbale, n'chakuti kodi agogo ako anali ndi makadi anji tsiku lija? Mwina anali ndi makingi awiri, ndipo ulemu wanga unandipulumutsa. Sindikanawafunsa ali moyo, ndipo anapita nazo.

Mankhwala a malungo ali m'thumba lam'mbali. Mpunga umene ndakuikira ndi wako, usaupereke wonse tsiku lofika. Ku Mzuzu kumazizira, juzi yanga yabuluu itenge, ndaona kuti umaiyang'ana. Uyende bwino, Tumpale, ndipo ukafike ndi pakamwa pako.

Ndine mayi ako, amene anatuluka wachinayi.

Ndinali nditapinda kale pepalali pamene bambo ako analowa kuchokera kumunda n'kufunsa chimene ndikulemba nkhope itakwinyika. Ndinawawerengera ndime ya makadi ija. Anakhala pakhonde, anavula nsapato, n'kunena kuti pali chinthu chimene agogo ako anawauza sabata yomweyo ya mpikisano, n'kuwaletsa kundiuza iwo ali moyo. Ndinafunsa kuti nanga atamwalira munadikiranji. Anati, “Amake Tumpale, pakamwa panupo ndani angayambe dala?”

Zimene anawauza ndi izi. Pa tebulo lomaliza lija, ine ndikakhala kuti sindinataye makadi anga, agogo ako makadi awo sankawasuzumira. Ankawaphimba ndi dzanja, kudikira kuti ndikankhe, kuti awataye osawaona.